Mafunso a Owerenga: Atimba Ofanana Nthenga, Osiyana Nyimbo ndi Malire

Mvula yoyamba ikangogwa, madambo ndi matchire amadzaza ndi mawu a timbalame timene tinali duu chilimwe chonse. Mafunso a mwezi uno akukhudza timbalameti: kusiyanitsa mitundu yapachibale yofanana nthenga, ndi kudziwa malire a dera limene yaimuna iliyonse imateteza. Oyankha ndi anthu odziwa ntchito yowerenga mbalame ndi kujambula mawu ake kutchire.

FUNSO: Kuseri kwa sukulu yathu kuli dambo lotsetsereka kuchokera pachitunda mpaka kumtsinje. Muli timbalame tambiri totuwira timene ana amangoti atimba. Ine ndikationa ndimayesa mtundu umodzi, koma ana akuti timalira mosiyana. Akulondola ndani?
Mphunzitsi wa sayansi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, akulondola ndi anawo, ndipo muwalimbikitse kukhulupirira makutu awo. Dzina loti timba timalipereka kwa timbalame tambiri ta m'udzu, ndipo tochuluka mwa ito ndi ta fuko limene asayansi amalitcha Cisticola. Fukoli lili ndi mitundu pafupifupi 50, yambiri ya mu Africa, ndipo m'Malawi muno muli yoposa 12.

Diso limasokonezeka chifukwa mitundu yambiri imasintha nthenga kawiri pachaka. M'dzinja, nthawi yoswana, mchira umakhala waufupi, ndipo m'chilimwe umatalika. Komanso yaimuna ndi yaikulu kuposa yaikazi, moti yaikazi ya mtundu waukulu imalingana msinkhu ndi yaimuna ya mtundu wocheperapo. Katswiri wa ku Britain, Hubert Lynes, analemba masamba oposa 600 mu 1930 pofotokoza fuko limodzi lokhali, atayenda maulendo ataliatali mu Africa kukaona ndi kumvetsera mbalame zamoyo.

Yambirani kumtsinje n'kumakwera. M'bango ndi m'nsenjere za m'mbali mwa madzi mumakhala Cisticola erythrops, ya nkhope yofiirira ndi msana wopanda mizere. Nyimbo yake ndi yaphokoso, mawu obwerezedwa amene amanka nakula, ngati munthu woitana mnzake wakutsidya amene sakumva. Mukatuluka m'bango kulowa m'udzu wachinyontho wokhala ndi zitsamba patalipatali, tcherani khutu ku mawu okokoma ngati a chule. Imeneyo ndi Cisticola natalensis, yaikulu thupi, ya mlomo wochindikala. M'udzu waufupi ndi m'minda yogonera muli Cisticola juncidis, imene imaimbira m'mlengalenga. Imazungulira pamwamba pa dera lake, kukwera ndi kutsika ngati ikudumpha mizere ya m'munda, ndipo pa kudumpha kulikonse imati tsit, pafupifupi kamodzi pa sekondi.

Pachitunda pa zitsamba zowirira yembekezerani Cisticola cantans. Iyi ndiyo idzakuvutitseni, chifukwa imafanana kwambiri ndi erythrops ya kumtsinje ija. Ili ndi kachigamba kofiirira papiko kamene inzakeyo ilibe, koma nthawi zambiri masamba amakabisa. Chosabisika ndi nyimbo yake: mawu awiri akuthwa, kampata, mawu awiri aja kachiwiri. Ngati chitunda chanu chili ndi matanthwe, pakhoza kukhalanso Cisticola aberrans, yokonda kuimika mchira ndi kulira modandaula pakati pa miyala. Owerenga a kumalo otentha ngati Liwonde ndi Lengwe adzakumana kwambiri ndi Cisticola chiniana, imene imatera pansonga ya chitsamba chaminga, n'kunena timawu tiwiri kapena tinayi, kenako n'kumaliza ndi phokoso ngati la chisekese.

Ana akapita kudambo, mbalame iliyonse imene aimva ailembere zinthu izi m'kope: yatera pa chomera chanji ndipo pamwamba bwanji, nyimbo yake ili ndi mawu angati ndipo ikutenga masekondi angati, ikuimba ili chitere kapena ikuuluka. Ya maso ikhale imodzi yokha: msana uli ndi mizere kapena ayi. Pakatha masabata awiri, kopelo lidzaonetsa lokha kuti nyimbo iliyonse ili ndi malo ake.

Umu ndi momwenso Gilbert White, mbusa wa m'mudzi wa Selborne ku England, anazindikirira m'zaka za m'ma 1760 kuti timbalame tobiriwira timene anthu ankatiyesa mtundu umodzi tinali mitundu itatu. Umodzi mwa mitunduyo, Phylloscopus trochilus, wosakwana magalamu 10, umafika kuno chaka chilichonse cha mu Okutobala n'kubwerera cha mu Epulo. Kanyimbo kake kofewa kotsetsereka kamamveka m'mitengo ya pasukulu, makamaka ulendo wobwerera ukayandikira.

FUNSO: Ndikufuna kudziwa kuti yaimuna iliyonse ili ndi dera lalikulu bwanji, koma ndilibe ukonde kapena mphete zoveka kumiyendo. Zingatheke?
Wophunzira wa kukoleji, Zomba

YANKHO: Zingatheke popanda kugwira mbalame ngakhale imodzi, ndipo kugwirako n'kwa anthu ophunzitsidwa okhala ndi chilolezo. Inu mulembe pamapu pamene yaimuna ikuimbira, m'mawa uno, m'mawa wina, mpaka madontho aunjikane okha. Bungwe la British Trust for Ornithology linawerenga mbalame za ku Britain mwanjira imeneyi kuyambira 1962 mpaka 2000.

Musanakhome chikhomo chilichonse, kaonaneni ndi eni minda ndi amfumu. Zikhomo zondandalikidwa m'dambo anthu amaziwerenga ngati chiyambi cholanda malo, ndipo akapanda kuuzidwa adzazizula, mwinanso n'kukuyimbani mlandu.

Sankhani malo a mamita 250 mulifupi ndi 400 mulitali, amene ndi mahekitala 10. Khomani zikhomo pa mamita 50 aliwonse. Mudzakhala ndi mizere 6 mbali ina, imene muitche A mpaka F, ndi mizere 9 mbali inayo, zonse pamodzi zikhomo 54 ndi mabokosi 40, lililonse kota ya hekitala. Zikhomo zikhale nsungwi za mamita 2 zomangirira kansalu kowala, chifukwa pofika Febuluwale udzu udzakhala utameza zazifupi. Ngati mulibe tepi, yezani chingwe cha mamita 50 kamodzi n'kumachigwiritsa ntchito. GPS ya pafoni imaphonya ndi mamita angapo, nthawi zina kufika 10, choncho ndi yothandiza pamakona anayi okha.

Papepala, sentimita imodzi iimire mamita 25. Malo onse adzakwana masentimita 10 ndi 16, pa pepala limodzi la A4. Jambulanipo chulu chilichonse, mitengo yoima payokha, mtsinje, njira za anthu, ndi pamene udzu wautali ukuthera. Chititsani fotokope mapepala 12.

Pitani maulendo 8 mpaka 10 pakati pa Disembala ndi Febuluwale, motalikirana masiku 4 mpaka 7, ulendo uliwonse ndi pepala lake. Mu Disembala dzuwa limatuluka 5 koloko itangopitirira pang'ono, choncho mukhale mutafika kale nthawi imeneyo, ndipo mumalize isanakwane 8. Yendani pang'onopang'ono motsata mizere ya zikhomo kuti pasakhale malo otalikira mamita oposa 50 kuchokera pamene mwadutsa. Ulendo uliwonse yambirani kona ina. Mukamayambira kumodzimodzi, mbalame za kumapeto mudzazipeza nthawi zonse zitatopa kuimba, ndipo mapu adzanama kuti kumeneko n'zochepa. Tsiku la mphepo yamphamvu kapena mvula yosalekeza lisiyeni. Lembani ndi pensulo, pakuti inki imasungunuka ndi mame.

Mtundu uliwonse upatseni zilembo ziwiri. Mbalame ikaimba, zingani zilembozo ndi kabwalo. Ikangolira mochenjeza, dulani mzere pansi pake. Ikauluka n'kukateranso mukuiona, lumikizani malo awiriwo ndi mzere wathunthu. Pamene mwaona ziwiri zikumenyana ikani nyenyezi. Ndipo chofunika koposa zonse: zazimuna ziwiri za mtundu umodzi zikaimba nthawi imodzi, lumikizani malo awo ndi mzere wa madonthomadontho. Mzere umenewo ndiwo umboni waukulu wotsimikizira kuti ndi mbalame ziwiri, ndi kuti malire ali penapake pakati pawo. Mukamva imodzi, imani miniti yathunthu kudikira ngati ina iyankhe. M'mawa umodzi wa mizere yamadontho isanu umaposa masiku atatu a timabwalo tokhatokha.

Maulendo akatha, tengani pepala latsopano la mtundu uliwonse, n'kusamutsirapo madontho ake onse, lililonse ndi nambala ya ulendo. Mulu wa madontho ochokera m'maulendo atatu osiyana kapena kuposerapo, otalikirana masiku osachepera 10 kuchokera loyamba kufika lomaliza, uwerengeni dera limodzi. Mzere wamadontho usagwere m'kati mwa mulu umodzi. Mulu wodulidwa ndi malire a malo anu uwerengeni theka. Kukula kwa dera mudzakupeza powerenga mabokosi amene muluwo waphimba, koma dziwani kuti mwayeza pamene mbalame imaimbira. Pofuna chakudya imatha kutuluka mwakachetechete kupitirira pamenepo.

FUNSO: Ine ndi mnzanga tinachita zimenezi padambo limodzi. Iye anapeza madera 8, ine 14. Talakwitsa pati?
Wowerenga wa ku Mchinji

YANKHO: Kawirikawiri wopeza zambiri ndiye wawerenga mbalame imodzi kawiri. Yaimuna imakhala ndi malo oimbira atatu, anayi kapena kuposerapo, ndipo imasamuka mwakachetechete inu mukuyang'ana pepala. Bwererani kumapu anu muone kuti pa madera 14 aja, ndi angati olekanitsidwa ndi mzere wamadontho. Milu iwiri yoyandikana imene sinaimbepo nthawi imodzi m'maulendo onse, ikayikireni kuti ndi ya mbalame imodzi. Juncidis ndiyo imasocheretsa kwambiri, chifukwa imazungulira malo aakulu ili m'mwamba. Kwa iyo, jambulani njira yonse imene yauluka ndi pamene yakatera.

Kwina kumene anthu amaphonya ndi nyimbo za banja. Mbalame ya chifuwa cha mtundu wa lalanje ndi mzere woyera pamwamba pa diso, Cossypha heuglini, imene imadzutsa anthu m'mipanda ya ku Lilongwe, Zomba ndi Blantyre, imaimba mothandizana: yaimuna imayamba motsitsa n'kumakweza, yaikazi n'kulowetsapo mawu ake opyapyala. Ku Nyika, Cisticola nigriloris imaimba ziwiriziwiri kapena kagulu, mawu ake ngati chitseko cha mahinjesi adzimbiri. Mawu awiri ochokera m'chitsamba chimodzi, olukana bwino osapondana, ndi banja limodzi. Oimbirana mopikisana amakhala motalikirana ndipo amayang'anizana.

Koma mnzanuyo akhozanso kukhala atachepetsa. Yaimuna yopanda mkazi imaimba kwambiri, pamene imene ikudyetsa ana imachepetsa, moti banja limene zinthu zikuliyendera bwino ndilo losavuta kuliphonya. N'chifukwa chake mbalame yonyamula udzu kapena kachilombo kukamwa iyenera kulembedwa ngakhale ili chete. Mawu opyapyala kwambiri amavutanso kudziwa kumene akuchokera. Musaike dontho mutamva muli pamalo amodzi. Lozani kumene mawu akuchokera, yendani mamita 20 cham'mbali, lozaninso, ndipo pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene pali mbalame.

Kuyambira kumapeto kwa Febuluwale ana otuluka m'zisa amayendayenda m'timagulu, kudutsa malire a aliyense. Madontho a nthawi imeneyo musawaphatikize ndi a Disembala ndi Januwale. Njira yabwino yothetsera mkangano wanu ndi kuyenda limodzi m'mawa umodzi, aliyense ndi pepala lake, osalankhulana, kenako n'kuyerekeza dontho ndi dontho.

FUNSO: Kodi mitundu iwiri yapachibale imathamangitsana pamalire monga zimachitira za mtundu umodzi?
Wolondolera alendo, Rumphi

YANKHO: Ina imatero, ina ayi, ndipo mapu okha sangakuuzeni msanga. Mukaika pepala la mtundu wina pamwamba pa la unzake n'kuyang'ana padzuwa, madera akhoza kusanjikizana, kusonyeza kuti mbalamezo zimalolerana. Akapanda kukhudzana, pali zifukwa ziwiri zosiyana kotheratu: mwina zimathamangitsana, mwina uliwonse ukungotsata zomera zake ndipo sizikumana n'komwe.

Kwanuko ku Nyika, pamwamba pa mamita 2,000, ndi malo abwino oonera zimenezi, pakuti ma Cisticola anayi amagawana phiri limodzi. Nigriloris imakhala m'zomera zowirira za m'mbali mwa timitsinje ndi m'mphepete mwa nkhalango. Njombe, imene dzina lake linachokera ku dera la Njombe ku Tanzania, imakonda udzu wautali wa m'zigwa ndi m'malo otsetsereka. Lais ili m'zitunda za miyala ndi zitsamba. Ayresii ili m'udzu waufupi wa poyera, ndipo imaimbira m'mwamba kwambiri mosaoneka, n'kumaomba mapiko ngati munthu woliza zala. Zambiri mwa kusiyanaku zikufotokozeka ndi zomera zokha. Funso lanu lidzayankhidwa pamalo opapatiza pamene zomera za mitundu iwiri zasakanikirana. Khalani pamenepo maola angapo, masiku angapo, n'kulemba nthawi iliyonse mbalame ziwiri zosiyana mtundu zikayandikana mamita osakwana 5: kodi zanyalanyazana, ina yachoka yokha, kapena yathamangitsidwa, ndipo wathamangitsa ndani. Musagamule musanafike kukumana 20. Yerekezani ndi zimene yaimuna yomweyo imachita ikakumana ndi ya mtundu wake. Nthawi zambiri mkangano wa mitundu iwiri umapendekera mbali imodzi, waukulu thupi n'kumapambana.

Kumene kuthamangitsana kunatsimikizika bwino ndi ku America. M'zaka za m'ma 1950, Wesley Lanyon anafufuza ku Wisconsin mitundu iwiri ya mbalame za m'udzu za fuko la Sturnella, yofanana nthenga koma yosiyana nyimbo, ndipo anapeza kuti zazimuna zimatetezerana malire ngati za mtundu umodzi. Pachilumba cha Eigg ku Scotland, Timothy Reed anafotokoza mu 1982 za mitundu iwiri yosakhala pachibale chapafupi, Fringilla coelebs ndi Parus major, imene pachilumbapo inkapatulirana madera pamene kumtunda madera ake ankasanjikizana. Atachotsa mtundu woyambawo m'malo ena, wachiwiri unalowamo. Choncho chibale pachokha sichikwanira. Kuchepa kwa malo ndi chakudya nakonso kumayambitsa malire, ndipo zimene mwapeza m'chigwa chimodzi musazinenere phiri lonse. Lembaninso ngati malowo anapsa chaka chimenecho, chifukwa lupsa limasuntha malire a udzu wautali ndi waufupi, mbalame n'kusuntha nawo.

FUNSO: Achimwene anga amaliza nyimbo ya mbalame pasipika ya Bluetooth, mbalame n'kubwera pafupi itakwiya. Kodi izi sizivulaza? Nanga zingatiphunzitse kanthu?
Mtsikana wa Fomu 4, Mzuzu

YANKHO: Zimavulaza zikachitika mosasamala. Mbalameyo imayesa kuti mdani walowa pakati pa dera lake. Imasiya kudya, imasiya kudyetsa ana, imadzionetsa poyera pamene kabawi angaione, ndipo imatha kukhalabe yosakhazikika sipika itazima kale. Auzeni achimwene anuwo kuti asalize pafupi ndi chisa, asalize kwa mbalame yonyamula chakudya, ndipo asabwereze kwa mbalame imodzi tsiku lomwelo. M'malo osungirako nyama zakutchire, funsani kaye akuluakulu a pamalopo.

Ikachitika mwadongosolo, ndi njira yamphamvu. M'zaka za m'ma 1970, John Krebs anachotsa zazimuna za Parus major m'nkhalango ya Wytham pafupi ndi Oxford, n'kuika masipika oliza nyimbo yawo m'madera ena. Madera a zii analowedwa msanga ndi zazimuna zatsopano, a masipika anachedwa kulowedwa, kusonyeza kuti nyimbo payokha imatchinga malire. Ku Algonquin Park ku Canada, ofufuza awiri, Brooks ndi Falls, anaonetsa mu 1975 kuti mbalame imadziwa mawu a mnansi wake: ikawamva kuchokera kumalire ake a masiku onse siitekeseka kwenikweni, koma mawu omwewo akachokera mbali yolakwika imawathamangira ngati a mlendo.

Kuti muyese ngati erythrops imalabadira nyimbo ya cantans, yambani mwajambula mapu a madera. Ikani sipika m'kati mwa dera, pamwamba mita imodzi, ndi timitengo tosonyeza mamita 2, 5 ndi 10 kuchokera pasipika. Inu mubisale mamita 15 kapena 20. Penyani mphindi 2 kuli chete, lizani mphindi 2 pamphamvu yofanana ndi ya mbalame yeniyeni, penyaninso mphindi 2. Lembani masekondi amene yatenga kuti iyandikire, pamene yafika pafupi kwambiri, maulendo amene yauluka modutsa sipika, ndi nyimbo zimene yaimba. Mbalame iliyonse imve nyimbo zitatu pamasiku atatu osiyana: ya mtundu wake, ya wachibale, ndi ya mbalame yosaikhudza monga pumbwa. Nyimbo ya pumbwayo ndiyo idzakuuzeni ngati mbalame ikungodabwa ndi phokoso la sipika. Sinthani ndondomeko kwa mbalame iliyonse, chifukwa imene yakwiyitsidwa dzulo imafulumira kukwiya lero. Ndipo musagwiritse ntchito nyimbo imodzi yojambulidwa kwa onse. Mukatero mwayesa mawu a yaimuna imodzi yokha, imene mwina inali yofooka kapena yaukali mwapadera. Khalani ndi zojambula zosiyana zisanu kapena kuposerapo pa mtundu uliwonse, ndipo pasakhale ya mnansi wa mbalame imene mukuyesayo.

FUNSO: Ndikajambula mawu pafoni, ndimangomva mphepo ndi mapazi anga. Ndichite bwanji?
Wowerenga wa ku Nkhotakota

YANKHO: Yandikirani. Mukadula mtunda ndi theka, mawu a mbalame amakwera ndi madesibelo (muyeso wa kukula kwa mawu) pafupifupi 6 pamene phokoso lozungulira likhala chimodzimodzi, ndipo palibe pulogalamu imene ingakupatseni phindu lotero. Lozetsani kumene kuli maikolofoni, nthawi zambiri kumunsi kwa foni, kwa mbalameyo. Vekani foni sokosi yaubweya kapena kasiponji, fulatirani mphepo kuti thupi lanu litchinge, tsamiritsani zigongono pathupi ndipo musasunthe zala. Gwiritsani ntchito pulogalamu yosunga mawu ngati WAV, mtundu wa fayilo wosafinya mawu, pa 44.1 kapena 48 kHz. Jambulani mosadukiza kwa miniti imodzi kapena iwiri, ndipo musanazimitse nenani tsiku, nthawi, malo, chomera chimene mbalame inaterapo ndi chimene inkachita. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa voice note imafinya mawu n'kuwononga timawu topyapyala timene timasiyanitsa mitundu.

Pakompyuta, mapulogalamu a Audacity kapena Raven Lite, onse aulere, amasandutsa mawu kukhala chithunzi choti muwerengepo mawu ndi kuyeza mipata. Yerekezani ndi zojambula za pa mawebusaiti osunga mawu a mbalame, xeno-canto kapena Macaulay Library, makamaka zochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Tanzania, pakuti nyimbo za mtundu umodzi zimasiyanako malinga ndi dera. Dzina limene pulogalamu yozindikira mbalame yakupatsani likhale poyambira pofufuza, mpaka mutatsimikiza nokha ndi malo ndi maonekedwe.

FUNSO: Pansonga ya mtengo wouma pafupi ndi khola lathu pamatera kambalame kakuda bii, konyezimira, kamene kamaimba tsiku lonse kuyambira Febuluwale. M'kati mwa nyimbo yake ndimamvamo mawu a kaphwiti kofiira kaja kamatola gaga pamtondo. Kodi makutu anga akundinamiza?
Mayi wa ku Chikwawa

YANKHO: Mayi, mwamva bwino, ndipo mwagwira mfundo imene akatswiri amasiyanitsira mbalame zimenezi. Kakudako ndi kaimuna ka fuko la Vidua, kamene m'mabuku a Chingerezi amati indigobird. Sikamanga chisa. Yaikazi imaikira dzira m'chisa cha kambalame kofiira kaja, ndipo mwana wake amakulira limodzi ndi ana a mwini chisa osawataya kunja. M'kamwa mwake muli madontho ndi mitundu yofanana ndi ya ana enieniwo, choncho amadyetsedwa ngati wapakhomo. Akakula, wamwamuna amaimba nyimbo ya bambo womulera, ndipo wamkazi amasankha mwamuna woimba nyimbo ya amene anamulera iyeyo, n'kukaikira m'chisa cha mtundu womwewo.

M'Malawi muli mitundu inayi yakuda yotere, uliwonse ndi woulera wake. Vidua chalybeata imaleredwa ndi Lagonosticta senegala, kofiira ka pakhomo kaja, ndipo kuchigwa kwanuko ili ndi mlomo wofiira ndi miyendo yofiira. Vidua purpurascens imaleredwa ndi Lagonosticta rhodopareia, mlomo wake ndi woyera, miyendo yotuwa. Vidua funerea, ya mlomo woyera, imaleredwa ndi Lagonosticta rubricata. Vidua codringtoni imaleredwa ndi Hypargos niveoguttatus, kambalame ka m'zitsamba zowirira ka madontho oyera m'nthiti. Mtundu wa mlomo ndi miyendo umavuta kuuona mbalame ili pamwamba dzuwa lili kumbuyo kwake, choncho nyimbo yobwerekayo ndiyo yodalirika.

Dera la mbalameyi n'losiyana ndi la atimba. Siteteza chisa kapena malo odyera. Imateteza mtengo woimbirapo, kumene zazikazi zimabwera kudzakwatiwa, ndipo mtengo wabwino umagwiritsidwa ntchito chaka ndi chaka ngakhale mwini wake atasintha. Zazimuna za mitundu yosiyana ya Vidua nazonso zimalandana mitengo yotere. Robert Payne, amene anazifufuza zaka zambiri ku Lochinvar m'dziko la Zambia m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti zazimuna zoyandikana zimagawana nyimbo zosiyanasiyana pafupifupi 20 kapena kuposerapo, zimene zimasintha pang'onopang'ono chaka chilichonse, ndipo ena amatengera kwa yaimuna imene zazikazi zikuikonda kwambiri.

Khalani pamthunzi mamita 30 kuchokera pamtengowo kwa ola limodzi m'mawa. Jambulani mphindi 5 mpaka 10 mosadukiza, chifukwa gawo lalikulu la nyimbo ndi phokoso lokhakhala la fuko lake, ndipo mawu a woilera amangotulukira apo ndi apo. Werengani zazikazi zobwera, zotuwira zamizeremizere. Ikafika imodzi, yaimuna imauluka n'kumandenda m'malere patsogolo pake. Lembaninso yakuda ina iliyonse yoyesa kutera ndi kumene yathamangitsidwira, kenako tsatirani mbali imeneyo, pakuti mtengo wa mnansi umakhala mamita mazana angapo kuchokera pamenepo. Zonsezi muchite isanathe Meyi. Chisanu chikakhwima zazimuna zimayamba kuthothoka nthenga zakuda n'kuvala zotuwira ngati zazikazi, zimasiya mitengo yawo n'kulowa m'magulu odya njere za udzu pansi, ndipo pamenepo mitundu inayi ija imakhala yovuta kwambiri kuisiyanitsa mpaka dzinja lotsatira.